Alembi athu asamayambe nkhani ndi dzuwa ndi mbalame

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za nkhani zopeka zimene achinyamata amatumiza m'nyuzipepala. Zambiri zimayamba mofanana: dzuwa likutuluka, mbalame zikuimba, kamphepo kayaziyazi kakuomba. Ndime yonse imatha munthu asanaoneke, vuto lisanamveke, ndipo wowerenga pa foni amakhala atadumphira kale kwina.

Taonani mmene William Shakespeare anatsegulira sewero la Hamlet cha m'ma 1600. Ndi funso lalifupi, "Who's there?", ngati kunena kuti "Ndani uyo?" Ndi pakati pa usiku, pa linga la nyumba yachifumu ya Elsinore ku Denmark. Amene akufunsayo ndi Barnardo, msilikali wodzalandira ulonda, chonsecho woyenera kufunsa ndi Francisco amene ali pa ntchito. N'chifukwa chake Francisco akukana kuyankha, akuti wobwerayo ndiye adzitchule. Mwambo wa ulonda wasokonekera chifukwa Barnardo ali ndi mantha, waona mzukwa kawiri pamalo omwewo. Ku Globe, bwalo la masewero a Shakespeare ku London, masewero ankachitika masana, pabwalo lotseguka pamwamba, choncho mdima ndi manthawo zinkayenera kulowa mwa anthu kudzera m'mawu basi. Ana asukulu akamachita seweroli amalakwitsa pomwepa: amafunsa modekha ngati akulandira mlendo amene wanena odi pakhomo. Barnardo ayenera kufunsa modzidzimuka, akadali patali.

Liwu limodzi lingasinthe munthu yense. Buku la Albert Camus, L'Étranger, la 1942, limayamba ndi "Aujourd'hui, maman est morte", mawu a Chifalansa onena za imfa ya mayi a wolankhula tsiku lomwelo, kenako wolankhulayo, Meursault, akuti mwina linali dzulo, sakudziwa. Pomasulira m'Chingerezi mu 1946, Stuart Gilbert analemba "Mother", liwu louma, pamene Matthew Ward mu 1988 anasunga "Maman", mmene mwana amaitanira mayi ake. Nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa kukhoti, pa mlandu wake wopha munthu, Meursault akuweruzidwanso pa kusalira kwake pamaliro a mayi akewo. Womasulira m'Chichewa akalemba "amayi atisiya", wam'patsa chisoni chimene Camus sanalembe. Akalemba "mayi wafa", wamusandutsa mwana wachipongwe. Ine ndikuona kuti "Lero amayi afa" ndiye zoyenera: ulemu wa mwana ulipo, koma imfayo yatchulidwa mosaphimba. "Amwalira" asungire telegalamu yomudziwitsa za imfayo yochokera kunyumba ya okalamba kumene mayiwo ankakhala, imene m'Chifalansa ikugwiritsa ntchito liwu la muofesi, "décédée".

Ife pa nthano tili ndi mwayi. Agogo akati "Padangokhala", ana amavomera "Tili tonse", ndipo wofotokoza amadziwa kuti makutu atcheredwa. Papepala palibe wovomera, ndiye chiganizo choyamba chigwire ntchitoyo chokha.

Mlembi akamaliza nkhani, aphimbe ndime yoyamba ndi dzanja n'kuwerenga kuyambira yachiwiri. Ngati palibe chimene chasowa, aifufute. Kenako aone ngati m'mizere itatu yoyamba muli munthu ndi chinthu chimene sichili bwino, monga mlonda wofunsa pamene si nthawi yake kapena mwana wosadziwa tsiku limene mayi ake afa. Awerengenso mokweza, mpweya ukamuthera chiganizo chisanathe, achidule pawiri. Inunso a Mkonzi, nkhani yoyamba ndi nyengo muziibweza kwa mwini wake mutalemba mzere pansi pa chiganizo chimene munthu waonekera koyamba, kuti ayambire pamenepo.

Wowerenga wanu,
Zomba