Mpunga wakuthengo si udzu wamba

Akonzi,

Ndiloleni ndiikire kumbuyo chomera chimene alimi ambiri amadana nacho: mpunga wakuthengo. Mpunga wolimidwa padziko lonse uli m'mitundu iwiri yokha, Oryza sativa wa ku Asia ndi Oryza glaberrima wa kumadzulo kwa Africa, koma abale ake omera okha m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje ndi oposa 20. Mlimi akamawazula sindimudzudzula. Njere zake zimayoyoka munthu asanafike ndi chikwakwa, ndipo wina wotchedwa Oryza longistaminata amayala mizu pansi moti ukazula lero, mawa waphukanso.

Komatu udzu womwewu wapulumutsapo anthu ku njala. M'zaka za m'ma 1970 matenda a grassy stunt, amene amapinimbiritsa mpunga mpaka osabereka, anasakaza minda ku Asia. Akatswiri a bungwe lofufuza za mpunga la IRRI ku Philippines anayesa mbewu masauzande kufunafuna yopirira, ndipo anakaipeza mu Oryza nivara wotoledwa ku Uttar Pradesh, m'dziko la India. Mphamvu yakeyo inalowetsedwa mu mpunga wa IR36, umene unatulutsidwa mu 1976 n'kudzalidwa pa mahekitala oposa 10 miliyoni.

Nkhani ya ku China imandigometsa kwambiri. Duwa la mpunga limadzipatsa lokha mungu, n'chifukwa chake kupanga mbewu ya haibulidi yochuluka kunali kovuta. Mu 1970 Li Bihu, amene ankathandiza katswiri wa mpunga Yuan Longping, anapeza pachilumba cha Hainan mpunga wakuthengo wa mungu wopanda mphamvu. Woterewu sungabereke pokhapokha utalandira mungu wa mpunga wina, ndiye ukaudzala pafupi ndi mtundu umene wasankha, njere iliyonse imatuluka ya haibulidi. Chomera chimene wina akanangochiponda n'kudutsa ndicho chinatsegula njira.

Nanga longistaminata wovuta kuzula uja? Wotengedwa ku Mali anapereka jini (kachidutswa ka chibadwa kochokera kwa makolo) ya Xa21, yoteteza mpunga ku matenda a bakiteriya owumitsa masamba, ndipo mizu yamakani ya mtundu womwewu ndi imene akatswiri a ku Yunnan, ku China, anaigwiritsa ntchito popanga PR23, mpunga wophukanso ukakololedwa, osalimanso chaka ndi chaka.

Ena adzati mbewuzi n'zosungidwa kale. N'zoona, nkhokwe ya IRRI ku Los Baños, ku Philippines, ili ndi zitsanzo zoposa 130,000, ndipo zina zili m'phiri lozizira ku Svalbard, m'dziko la Norway. Koma njere ya mufiriji imaima pamene inaikidwira. Ya kudambo imalimbana ndi matenda atsopano, kutentha ndi chilala chaka chilichonse, ndipo mbadwo uliwonse umasiya zopirira zokhazokha. Dambo likaumitsidwa kuti pamangidwe nyumba kapena padutse ngalande zothirira, ntchito imeneyi imathera pomwepo.

Pempho langa kwa maboma ndi mabungwe a zaulimi n'lakuti asanavomereze chitukuko padambo, akatswiri ayambe aona chimene chikumerapo, ndipo malo ena apatulidwe. Komanso kampani ikapindula ndi jini yochokera kuthengo, anthu okhala kumene inatengedwako alandireko gawo lawo, chifukwa ndiwo amapemphedwa kuti asalime pamalopo.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda ulimi