Wonga wa zipolopolo si wa gogodela

A Mkonzi,

Ndiloleni ndichenjezeko anzanga kuno ku Mzuzu ndi midzi yozungulira omwe amasunga mfuti zothamangitsira anyani kumunda. Ena akumaphwasula zipolopolo nkutenga wonga wosafuka utsi uja kuthira mu gogodela, ati ndi wamphamvu. Abale, mphamvu yakeyo ndiye vuto, gogodela amafuna wonga wakuda basi, winawu presha yake ndi yoopsa moti mpope umang'ambika, zala ndi maso nkupita pompo.

Komanso wonga wa zipolopolowu umawonongeka ukakhalitsa potentha, ukayamba kununkha mowawasa kapena kutuluka kafumbi kofiira ngati dzimbiri musaukhudzenso chonde, kauzeni apolisi. Apolisinso azifika m'midzimu kudzafotokoza izi, osangodikira kumanga munthu atavulala kale.

Wokhudzidwa,
Chibavi, Mzuzu