Mawu akuti twine sanachokere kwa Mark Twain

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za pulogalamu ya mafunso a Chingerezi imene wailesi ina inaulutsa Loweruka lapitali. Funso lija linali lakuti mawu akuti twine, thwaini yemweyu timasokera matumba a chimanga ndi maukonde, anachokera kuti. Mtsikana wa Fomu 3 anayankha kuti ndi mawu akalekale a Chingerezi otanthauza ulusi wopota pawiri. Muulutsi anamuseka dziko lonse likumva, ati dzinali linachokera kwa Mark Twain, mlembi wa ku America, amene akuti ankagulitsa zingwe. Mphoto inapita kwa wina.

Ankagulitsa zingwe pamsika uti, achimwene? Anakupatsani lisiti?

Mark Twain anabadwa mu 1835, dzina lake lenileni ndi Samuel Clemens, ndipo la Twain anayamba kulembera nkhani zake mu 1863. Mawu akuti twine Angerezi anali nawo kale chisanafike chaka cha 1100. Ndiye kuti bamboyu anatcha chingwe dzina kutatsala zaka zoposa 700 kuti abadwe. Koma ufiti ulipo ndithu ku America!

Tsinde la mawuwa ndi twi, kutanthauza ziwiri. Amene anaonapo agogo akupota khonje pantchafu sangavutike kumvetsa. Amatenga timaluzi tiwiri, kutigudubuza ndi chikhatho kalikonse pakokha, kenako n'kutisiya tikulungane, chingwe chatuluka. Kaluzi kamodzi kamangomasuka. N'chifukwa chake ku Netherlands amati twijn, ku Germany amati Zwirn, ndipo m'Chingerezi momwemo two, twin, twice, twelve, twenty ndi between ndi ana a mimba imodzi. Zonsezi zili mu Oxford English Dictionary, osati m'mutu mwanga.

Chondinyansa kwambiri n'chakuti muulutsiyu anadutsa pafupi ndi choona osachiona. Nalonso liwu la twain limatanthauza ziwiri. Pamtsinje wa Mississippi, pomwe Clemens ankayendetsa sitima, woyeza madzi ankaponya chingwe chomangirira mtovu, ndipo madzi akakwana mafatomu awiri, mapazi 12, ankafuula kuti mark twain. Apo ndi pomwe anatola dzinalo. Chibale chilipo, inde, koma msuweni si bambo wako.

Mwana uja mwamuphunzitsa chiyani? Kuti kuwerenga n'kutaya nthawi? Anzake kusukulu akumuseka mpaka lero, pomwe wolakwa akulandira malipiro pakutha pa mwezi. Ndipo matendawa afalikira. Aulutsi ambiri masiku ano amangotola zimene wina waponya pagulu la WhatsApp n'kuziwerenga ndi mawu onona ngati atuluka nazo ku yunivesite. Lero ndi chingwe, mawa ndi mankhwala a shuga, mkuja ndi tsiku la mayeso a MSCE. Nyimbo ndi moni kwa a kwa apongozi amapatula maola atatu, koma mphindi ziwiri zotsegula buku alibe. Kodi a MACRA, zoterezi mumazimva, kapena mumangodikira nkhani za ndale?

Wailesiyo ipepese pa nthawi yomweyo ya pulogalamu, mtsikanayo apatsidwe mphoto yake, ndipo abwana a wailesiyo agule dikishonale ngakhale yakale ya pa kaunjika wa mabuku, aimangirire pa tebulo la mu situdiyo kuti isasowe.

Mphunzitsi wopuma,
Zomba