Chimene chinatitulutsa m'chitaganya

A Mkonzi,

Nthawi iliyonse nkhani ya fedulo ikabuka ku Nyumba ya Malamulo kuno ku Lilongwe, pamapezeka wina wonena kuti chitaganya tinachiyesapo kale ndipo chinatiwotcha. Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu kuti tikumbutsane zimene zinachitika pakati pa 1953 ndi 1963, pamene Nyasaland (Malawi) anaphatikizidwa ndi Northern Rhodesia (Zambia) ndi Southern Rhodesia (Zimbabwe), chifukwa ambiri otchula chitaganya, a mbali zonse ziwiri, safotokoza chimene chinachigwetsa.

Pa ndalama ndi pamene anthu amasokonezeka kwambiri. M'mabuku a boma, Nyasaland sankaluza ayi. Msonkho wa pa malipiro ndi pa phindu la makampani unkathiridwa m'thumba limodzi, ndipo wochuluka unkachokera ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia. Poyambirira, pa mapaundi 100 aliwonse boma la chitaganya ku Salisbury (lero Harare) linkatenga 64, Northern Rhodesia 17, Southern Rhodesia 13, ife 6. Pamwamba pa 6 ameneyu, Salisbury ndi amene ankalipirira zipatala, positi ndi asilikali. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinatsegulidwa mu 1958, m'nthawi yomweyo. Kuwonkhetsa zonse, zolowa kuno zinkaposa zimene tinkasonkha ndi mamiliyoni angapo a mapaundi chaka chilichonse. Sir Roy Welensky, nduna yaikulu ya chitaganya kuyambira 1956, ankatikumbutsa zimenezi pafupipafupi, ndipo pa masamu okhawo sankanama.

Koma taonani kumene ndalama zazikulu zinkapita. Mu 1955 boma la Salisbury linasankha kumanga damu la Kariba, n'kusiya la Kafue limene a ku Northern Rhodesia ankayembekezera. Ndondomeko yathu yotukula chigwa cha Shire ndi kupanga magetsi pa mtsinjewo inangokhala pa pepala, moti magetsi a pa Nkula anayamba mu 1966, titatuluka kale. Yunivesite anaimanga ku Salisbury. Mafakitale nawo anaunjikana ku Salisbury ndi Bulawayo, ndipo pofuna kuwateteza, msonkho wa pa chipata unakwezedwa pa katundu wotchipa wochokera kunja. Mayi wopita kukagula nsalu kapena bulangete m'sitolo ya Mmwenye ku Limbe ankapeza kuti yotchipa ija yakwera mtengo, yotsala ndi ya ku Rhodesia. Ndalama imeneyo inkachoka pa mfundo ya chitenje chake kukalemeretsa fakitale imene mwana wake sakanaiona pokhapokha atakwera galimoto ya Mthandizi, bungwe limene linkalemba anthu kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia.

Kagawidwe ka ntchito nako kanali ndi tsankho lolembedwa m'malamulo. Sukulu za ana a azungu ndi amwenye zinali m'manja mwa boma la chitaganya, lomwe linali ndi thumba lalikulu. Sukulu za ana athu ndi ulimi wa anthu akuda anazisiyira boma la ku Zomba ndi kathumba kake kochepa kaja. Mlimi wa ku Dowa kapena ku Ntcheu chimene ankachiona ndi malamulo a malimidwe: mizere yopingasa, migula, chindapusa kapena ndende akalephera.

Pa ndale, chachikulu n'chakuti sitinafunsidwe, kapena kuti tinafunsidwa, tinakana, iwo n'kupitirira. Komiti ya Bledisloe, yotumidwa ndi boma la Britain, inalemba kale mu 1939 kuti anthu akuda a kuno sakufuna kuphatikizidwa ndi Southern Rhodesia. Nyasaland African Congress, imene inakhazikitsidwa mu 1944, inakana. Mafumu anapita mpaka ku London kumayambiriro kwa 1953 kuti akadandaule kwa Mfumukazi, osaloledwa kuonana nayo. Inkosi Gomani II ya ku Ntcheu itauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe posonyeza kukana, atsamunda anaichotsa pampando. Ku Thyolo ndi madera oyandikira, kumene mkwiyo wa thangata unali kale pakhosi, zipolowe za chaka chomwecho zinaphetsa anthu 11.

Nyumba ya malamulo ya chitaganya inali ndi mipando 35. Anthu akuda anali ndi 6 yokha, iwiri dziko lililonse, ndipo athu anali Wellington Manoah Chirwa ndi Clement Kumbikano. Panali bungwe la African Affairs Board limene ntchito yake inali kuimitsa lamulo lililonse lopondereza anthu akuda n'kulitumiza ku London. Mu 1957 mipando itawonjezeredwa kufika 59, m'njira yoti aphungu akuda owonjezerawo azisankhidwa ndi mavoti amene ambiri anali a azungu, bungweli linatsutsa. London inavomereza lamulolo. Linatsutsanso lamulo la zisankho lotsatira, London inavomerezanso. Apa ndi pamene ngakhale anthu ofatsa anataya chikhulupiriro, chifukwa loko yekhayo amene anawalonjeza anaoneka kuti satseka. Ndipo aliyense ankadziwa kuti mu 1960 malamulo a chitaganya adzaunikidwanso, pomwe Welensky ankafuna ufulu wodzilamulira kuti dzanja la Britain lichokeretu. Changu chimene Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume anaitanira Dr Hastings Kamuzu Banda, amene anatera pa Chileka pa 6 July 1958, chinachokera pa mantha a chaka chimenecho.

Za mtundu, nkhani sinali ya Mchewa ndi Mtumbuka, inali ya khungu. Azungu kuno sankafika 10,000, pomwe ku Southern Rhodesia anali oposa 200,000, ndipo lamulo la malo la 1930 linali litawapatsa pafupifupi theka la dziko lonselo. Anthu athu sankamva zimenezi m'mphekesera. Pafupifupi mudzi uliwonse unali ndi munthu amene anakagwirako ntchito m'mafamu a fodya ndi m'migodi ya kumeneko. Ankadziwa kuyenda ndi chitupa m'thumba, kugulira nyama pa windo la kuseri azungu akulowera pakhomo, kutchedwa mnyamata uli ndi imvi. Godfrey Huggins, nduna yaikulu yoyamba ya chitaganya, atayerekeza mgwirizano wa mitunduyi ndi wa kavalo ndi womukwera, anangotsimikiza zimene obwerera kwawo ankanena madzulo pa bwalo. N'chifukwa chake Mngoni wa ku Ntcheu, Mtonga wa ku Nkhata Bay, wa ku Karonga ngati Dunduzu Chisiza ndi wa ku Malindi ngati Chipembere analankhula chimodzi.

Kutuluka kwake kunayenda motere. Pa 3 March 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa ngozi, Congress inaletsedwa, anthu oposa 1,000 anamangidwa ndipo Kamuzu anakatsekeredwa ku Gwelo, ku Southern Rhodesia. Pa doko la Nkhata Bay asilikali ochokera ku Southern Rhodesia anawombera khamu limene linkafuna kuona abale awo otsekeredwa m'sitima ya Mpasa, n'kupha anthu osachepera 20. M'dziko lonse anafa oposa 50. Komiti ya Devlin, imene Britain inatuma kudzafufuza zimenezi, inapeza kuti kukana chitaganya kunali kozama pafupifupi kwa aliyense, ndipo inati dziko lasanduka lolamulidwa ndi apolisi. Orton Chirwa ndi anzake anayambitsa Malawi Congress Party chaka chomwecho, Kamuzu anatulutsidwa pa 1 April 1960, ndipo komiti ya Monckton, younika tsogolo la chitaganya, inalangiza kuti dziko lofuna kutuluka liloledwe. Pa chisankho cha August 1961 Malawi Congress Party inatenga mipando yonse 20 ya ovota wamba. Mu December 1962 R. A. Butler, nduna ya boma la Britain, analengeza kuti Nyasaland atuluka, ndipo chitaganya chinatha pa 31 December 1963.

Mtengo wake tisaubise. Tinasenza gawo la ngongole za chitaganya, pomwe ndege zankhondo ndi zida zambiri zinatsalira Southern Rhodesia. Tinayamba kudzilipirira zipatala ndi positi, kukhazikitsa Reserve Bank of Malawi ndi ndalama yathuyathu, ndipo bajeti inkatsekedwa ndi thandizo la Britain mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Atsogoleri ankadziwa kuti zidzatero, nasankhabe kutuluka. Umodzi uja nawo sunakhalitse: pasanathe miyezi itatu chilandirireni ufulu pa 6 July 1964, nduna zinagawikana ndi Kamuzu, ndipo madandaulo a zigawo amene tikumva lero anayamba kumera m'zaka zotsatira.

Choncho, a Mkonzi, wotsutsa fedulo asatiopseze ndi chitaganya, chifukwa chija chinali cha mayiko atatu omangidwa pamodzi mokakamiza pansi pa ulamuliro wa azungu ochepa. Woifuna naye asangotchula dzina. Atiuze amene adzatolere msonkho, gawo la chigawo chilichonse pa K100 iliyonse, amene adzasankhe komanga msewu kapena yunivesite, ndi khoti limene lidzaweruze likulu likaphwanya pangano. Tili kale ndi poyesera. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998 inalonjeza makhonsolo ndalama zosachepera 5 pa 100 iliyonse ya zimene boma limatolera m'dziko muno. Ndikupempha atolankhani anu afunse ku Capital Hill ndalama zimene khonsolo iliyonse, kuyambira Chitipa mpaka Nsanje, yalandira m'zaka zisanu zapitazi, ndipo muzisindikize boma ndi boma kuti tonse tiwerenge.

Wowerenga wanu,
Kawale, Lilongwe