Lipoti la maphunziro ojambula mapanelo a sitima pa kompyuta

Mwaswera bwanji a tcheyamani, akuluakulu nonse, amayi ndi anyamata a mmashopu athu owotcherera ku Ndirande, Limbe ndi Ginnery Corner. Ndabwerako ku maphunziro munanditumako aja, zikomo kwambiri chifukwa cha thiransipoti munasonkha ija. Ndati ndilemberetu pano kuti amene simudzapezeka pa mkumano wathu musatsalire.

Amatiphunzitsa ndi injiniya wa zomanga sitima ndipo anayambira pa Ilala, kuti inapangidwa ku Scotland ndi kampani ya Yarrow mu 1949, inabwera ili mzidutswa kudzera ku Mozambique nkudzalumikizidwa konkuno, mu 1951 inayamba kuyenda pa nyanja. Zidutswa zija zinagwirizana chifukwa wina anayeza bwino asanadule, kusiyana kwake nkwakuti kale amajambula pamanja pomwe lero ndi pa kompyuta. Mapulogalamu anatchula ndi AVEVA Marine, ShipConstructor yomwe imayenda pamodzi ndi AutoCAD, NAPA ya ku Finland komanso Rhino.

Tsono nkhani yeniyeni inali panelo, kutanthauza puleti lachitsulo pamodzi ndi zolilimbitsa zake zonse, kaya ndi deki kaya khoma logawa zipinda mkati mwa sitima lija amati bulkhead. Alipo afulati, aliponso opindika a thupi lakunja, ife tinalimbana ndi afulati okhaokha. Poyamba umauza kompyuta pomwe khomalo liime, poti sitima imawerengedwa ndi mafulemu, zomwe zili ngati nthiti zake, ndiye umangoti pa fulemu 20 basi. Kenako malire, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse akuluakulu. Ife tinazolowera kulemba mizere inayi nkuika miyeso, koma uku sujambula mzere ayi, umaiuza kuti mmunsi ndi mmbali khomali likathere pa thupi la sitima, mmwamba likathere pa deki. Aphunzitsi anakweza deki ija ndi mamilimita 100 tonse tikuona, khoma linatalika lokha, ma stiffener, zitsulo zolimbitsa khomalo, nawo anatalika, ngakhale kulemera kunasintha pompo osakhudzanso kanthu. Wojambula mizere wamba akanayambiranso zonse, ndipo mukudziwa mmene kasitomala amasinthira maganizo ntchito ili pakati.

China chomwe sindinaganizepo ndi mbali yomwe puleti likukulira. Mzere wa pa sikirini ulibe kukhuthala, ndiye ukasankha puleti la 6 mm uyenera kunena ngati likulire chakutsogolo kapena chakumbuyo kwa mzerewo. Ukasokoneza pamenepa mabulaketi a mbali ina amaperewera ndi 6 mm ina nkupitirira, tsono inu owotcherera mukudziwa kuti mpata wa 6 mm umadya marodi ochuluka bwanji, kuonjezera apo moto ukachuluka puleti limapindika nkuyamba ntchito yomenya ndi hamala tsiku lonse.

Misoko nayo umaika wekha molingana ndi mapuleti omwe ungagule, kwa ife ndi eyiti bai folo aja a mamilimita 2440 ndi 1220, osati kujambula chipuleti chachikulu chomwe mBlantyre muno suchipeza. Zolimbitsa umasankha pa mndandanda, flat bar, angle iron kapena bulb flat yomwe omanga sitima amakonda, umapereka mpata wake pakati nkunena mmene kumapeto kudulidwire. Pomwe chitsulo china chikudutsa pa khoma pulogalamu imaboola yokha malo ake. Pali timabowo ta mmakona toti madzi azidutsa asamadikhe nkuyambitsa dzimbiri, koma pa khoma loletsa madzi timeneti sitifunika, ndipo pomwe chitsulo chadutsa pamatsekedwa ndi kapuleti kowotcherera mozungulira. Bowo lolowera munthu nthawi zambiri limakhala mamilimita 600 ndi 400 ndipo makona ake amakhala ozungulira chifukwa pa kona yakuthwa ndi pomwe mng'alu umayambira. Izi zikutikhudza ngakhale pa matanki a madzi timapanga aja.

Za kulemera ndinazitenga ndi mtima wonse. Sikweya mita imodzi ya puleti la 6 mm imalemera pafupifupi makilogalamu 47, pulogalamu imaphatikiza zonse nkukuuza pomwe pali pakati pa kulemera kwa sitima yonse, chitsulo chikachuluka mmwamba boti silichedwa kupendekeka. Tonse tinamvapo za sitima ya Viphya yomwe inamira mu 1946 anthu 145 nkufa, nyanja yathu ija ikakwiya ndi mwera si yosewera nayo, ndiye ngati tilowe ntchito imeneyi tilowe mwachilungamo. Pomaliza zidutswa zonse zimasanjidwa pa puleti kuti zotsala zichepe, fayilo ya chojambulacho ya mtundu wa DXF nkupita ku makina odulira a plasma, chidutswa chilichonse chili ndi nambala yake.

Maganizo anga ndi awa. Chitsulo timachidziwa kale, chomwe tikusowa ndi wojambula. Laisensi za mapulogalamu akuluakulu aja ndi zodula, pa thumba la gulu lathu sitingazifike panopa, koma pali FreeCAD yaulere komanso DELFTship ili ndi mtundu waulere wojambulira thupi la boti, kungoti zambiri zomwe zimachitika zokha kuja umu umachita pamanja. Poyambira zikwana. Ndikupempha tisankhe achinyamata omwe amagwirako kale AutoCAD, atsikana asasiyidwe chonde, tiwapezere laputopu yamphamvu ndi mausi, ayambe ndi khoma limodzi la boti laling'ono la asodzi tilidule tione ngati likugwirizana. Tikambiranenso zolembera kalata ku yunivesite ya MUBAS kuti a zaumisiri azitiunikira masamu, komanso ulendo wa ku Monkey Bay komwe kuli doko lokonzera sitima tikaone mapanelo enieni ndi maso. Boti lonyamula anthu lisadzalowe mmadzi a dipatimenti yoona za panyanja asanalivomereze, pamenepa tisadzachite chidule.

Manotsi ndi mafayilo a chitsanzo ndili nawo pa fulashi, ndibwera nawo Loweruka. A mlembi chonde muike nkhani ya laputopu pa ajenda, ndipo amene muli ndi mtengo watsopano wa puleti la 6 mm mubwere nawo tidzawerengetsere limodzi.