Ndalumbira kwa Mfumu Charles, koma mchombo wanga uli ku Ntcheu

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndiyankhe abale amene akhala akundinena pa gulu lathu la WhatsApp kuti ndagulitsa dziko, chifukwa mwezi wathawu ndinalandira unzika wa Britain. Amalume anga anachita kundifunsa kuti, "Ndiye iwe wasanduka mzungu eti? Maliro ako tidzakulirira pa foni?" Ndinaseka, koma usiku umenewo tulo sindinatione.

Ndinabwera kuno ku Leeds kudzagwira ntchito ya unamwino. Unzika wa kuno sautola pansi. Ndinakhala zaka 5 pa viza ya ntchito, ndiyeno anandipatsa chilolezo chokhala mpaka kalekale, n'kudikiranso miyezi 12 ndisanapemphe unzikawo. Pali mayeso otchedwa Life in the UK: mafunso 24, mphindi 45, ndipo kuti ukhoze uyenera kupeza 18. Ndinkaloweza za akazi 6 a Henry VIII, mfumu yakale ya ku England, cha m'ma 3 koloko usiku ku wodi, odwala akuliza mkonono. Mnzanga wina wobadwira konkuno atayesako mafunso okonzekera anagwa chagada, mpaka lero ndimamuseka. Za ndalama, ndi mapaundi opitirira 1,500. Musavutike kuwerengera mu makwacha, BP ingakukwereni.

Mwambo wolumbira unachitikira mu holo ya khonsolo. Kutsogolo kunali mbendera ndi chithunzi cha Mfumu, ndipo pamipando panali a ku India, a ku Nigeria, a ku Poland ndi bambo wina wa ku Syria amene anagwira dzanja la kamwana kake mwambo wonse osalisiya. Ine ndinavala chilundu ndi duku, dala. Anatigawa pawiri: olumbira m'dzina la Mulungu, ndi ongolonjeza popanda kutchula Mulungu. Mwana wa CCAP ngati ine sindikanaima kwina.

Aliyense anatchula dzina lake, kenako tonse pamodzi tinabwereza mawu akuti tidzakhala okhulupirika kwa Mfumu Charles III ndi olowa m'malo mwake, motsatira malamulo. Apa ndiye pakhosi panandiuma. Agogo anga aamuna anali msilikali wa KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la atsamunda a Britain), anakamenya nkhondo ku Burma m'dzina la Mfumu George VI, agogo ake a Charles yemweyu. Atabwerako anapitiriza kukhoma msonkho ngati wina aliyense, ndipo mendulo yawo inathera m'chitini cha mabatani cha agogo aakazi. M'chikwama changa munalinso K2,000 imene ndimasunga, ya nkhope ya John Chilembwe, munthu amene anafa mu 1915 pokana ulamuliro womwewu. Ndinkachita kumva ngati akundisuzumira. Sindinama, ndinalumbira ndi mtima wonse, chifukwa ana anga anabadwira kuno ndipo ndatopa ndi kuti tsogolo lawo lizilendewera pa viza ya mayi wawo. Koma misozi inalengeza, ndipo sinali yachimwemwe chokha.

Poimba nyimbo ya fuko lawo ambiri tinkangotafuna milomo, m'mutu mwanga mukulira yathu ija ya pa asembule kusukulu. Kenako satifiketi, chithunzi, tiyi ndi mabisiketi, basi aliyense kwawo. Ola silinakwane n'komwe. Kwathu chinthu chotere mbuzi ikanafa.

Chimene amalume sakudziwa n'chakuti kale lamulo la Malawi silinkalola munthu wamkulu kukhala nzika ya mayiko awiri. Amayi ena a kutchalitchi kwathu, amene anabwera kuno m'ma 1990, anataya unzika wa Malawi potenga wa kuno, ndipo popita kukaika mayi awo anadutsa pa bwalo la ndege la Chileka ngati mlendo. Akamafotokoza mawu amawanjenjemera. Ine zimenezo sizinandigwere, chifukwa kumapeto kwa 2018 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la unzika n'kulola unzika wa mayiko awiri. Pasipoti yanga ya Malawi ili m'dirowa limodzi ndi yatsopanoyi, ndinazimanga ndi labala imodzi.

Pempho langa kwa inu a nyuzipepala ndi ili: tilembereni m'Chichewa chomveka mmene lamuloli likugwirira ntchito, makamaka zimene ayenera kuchita amene anataya unzika kale ndipo akufuna kuubwezeretsa. Ambiri kuno timangodalira mphekesera za pa Facebook, ndipo amayi ndanena aja akuopa kufunsa poganiza kuti akawabweza.

Amalume, fetereza wa chaka chino ndatumiza kale, mukafunse kwa achemwali. Ndipo malo aja pafupi ndi manda a agogo musapatse wina.

Namwino wa ku Ntcheu,
Leeds