Pojambula pulani ya nyumba, tikumbukire kuti ana amakula

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga amene akukonzekera kumanga nyumba, chifukwa ambirife timajambulitsa pulani poyang'ana banja monga lilili tsiku limenelo, ngati kuti mwana amene ali kumsana adzakhala khanda mpaka kalekale.

Ine ndinalakwitsa pomwepa. Pamene tinkamanga, ana athu awiri, mnyamata ndi mtsikana, anali aang'ono ndipo ankagona m'chipinda chimodzi chachikulu popanda vuto. Atasinkhuka tinafuna kuchigawa pakati, koma chipindacho chinali ndi zenera limodzi ndi khomo limodzi lapakona, moti mwana mmodzi akadakhala mumdima, ndiponso akadamadutsa pabedi la mnzake nthawi zonse potuluka. Titaganiza zoboola khomo lina, mmisiri anagogoda khoma limene tinkafuna kuboolalo, anayang'ana kumwamba, kenaka anapukusa mutu n'kutiuza kuti ndilo lasenza denga ndipo kuliboola kufunika ntchito yaikulu. Zenera lachiwiri ndi mtanda wa konkire woikiratu pamalo pomwe khomo lingadzakhale zikadatipulumutsa, ndipo pa nthawi yomanga zinali zinthu zazing'ono kwambiri.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti makoma a nyumba sali ofanana. Ena amasenza denga, pomwe ena ntchito yawo ndi kungogawa zipinda. Mwininyumba afunse wojambula pulani kuti amusonyeze kusiyanaku, ndipo apemphe kuti makoma osenza katundu akhale ochepa m'kati mwa nyumba, kuti enawo adzathe kugumulidwa kapena kusunthidwa. Ngati pali maganizo odzawonjezera chipinda, mbali imodzi ya malo isiyidwe yopanda dzenje la chimbudzi, ndipo denga likhale losavuta kulitalikitsa. Wolakalaka kudzamanga nyumba yosanja anene maziko asanakumbidwe, pakuti maziko ofooka sakonzeka mosavuta nyumba itatha. Bafa, chimbudzi ndi khitchini ziyandikane kuti mapaipi asayende mtunda wautali.

Maganizowa si atsopano ayi. M'chaka cha 1924, mumzinda wa Utrecht ku Netherlands, katswiri wojambula mapulani a nyumba, Gerrit Rietveld, anajambula nyumba yosanja ya Truus Schröder, mayi wamasiye wa ana atatu, ndipo m'chigawo chake cham'mwamba anaikamo makoma otha kukankhidwa: masana ankawakankhira pambali kuti pakhale malo amodzi aakulu, usiku ankawatseka kuti aliyense akhale ndi chipinda chake. Mayiyo anakhala m'nyumbamo mpaka pomwe anamwalira mu 1985. Sindikunena kuti tonse timange zoterezi, poti khoma lopyapyala silitchinga phokoso, ndipo kholo lililonse la mwana wokonda nyimbo likudziwa tanthauzo la zimenezi.

Chomwe anthu amaiwala kwambiri ndi tsiku limene ana adzachoke. Zipinda zambiri zing'onozing'ono zimasanduka mosungira katundu, pomwe chipinda chimene chili ndi khomo lakunja chingathe kukhala ofesi, mogona alendo kapena mokhala kholo lokalamba. Nafenso eni nyumba mawondo adzayamba kuvuta. N'chifukwa chake m'nyumba yosanja chipinda chimodzi chogona ndi bafa zizikhala pansi, masitepe apakhomo achepe, ndipo makomo akhale a masentimita pafupifupi 90 kuti njinga ya olumala izitha kulowa. Athu tinawapanga opapatiza, ndipo mayi anga atadwala tinkachita kuwanyamula anthu awiri polowa nawo kubafa.

Ine wanu,
Kholo la ana awiri